NGODYA YA AMISIRI: Kodi Oyilo si Oyilo Basi?

Mnyamata wina wowotcherera zitsulo pa Migowi m'boma la Phalombe watilembera kalata yodandaula. Akuti gulayinda yake, imene amadulira zitsulo za mafelemu a zitseko ndi makaliyala a njinga, idayamba kulira ngati chigayo chopanda chimanga. Iye adatsegula mutu wake nathiramo oyilo wakuda wochoka m'galimoto. Patangotha masabata awiri mano a magiya adadyeka, ntchito n'kuima. Tsono akufunsa kuti: kodi oyilo si oyilo basi?

Pepani achimwene, yankho ndi lakuti ayi. Oyilo wakuda uja adatha kale mphamvu, ndipo amakhala ndi mwaye ndi tizitsulo timene timapala magiya ngati mchenga. Komanso gulayinda sifuna oyilo ngakhale watsopano. M'mutu mwake muli magiya awiri olumana mopingasa, ndipo gulayinda ya mamilimita 115 imazungulira kokwana pafupifupi 11,000 pa mphindi imodzi. Mutuwo sadaupange kuti uzisunga zamadzimadzi. Oyilo amadontha, wina amalowa m'mota n'kugwirana ndi fumbi, magiya n'kutsala ouma. Chofunika pamenepa ndi girizi.

Girizi nayenso ali ndi manambala, amene amalembedwa pambuyo pa zilembo NLGI. Wa nambala 2 ndi wolimba ngati chiponde, ndipo ndi amene timapaka m'mabering'i a matayala. Magiya othamanga amamukankhira m'mbali, osabwereranso pa mano. Wofewa, wa nambala 0 kapena 1, amayenda n'kubwerera pamene akufunika. Funani wokhala ndi zilembo EP, kutanthauza kuti amapirira pamene zitsulo zikupanikizana kwambiri. Musanapake watsopano, tsukani wakale ndi palafini ndi kuumitsa bwino, pakuti mitundu ina ya girizi siyanjana. Musadzaze mutu wonse ayi. Theka lokha ndi lokwanira. Mukapyola pamenepo mutu umatentha ndipo girizi amatuluka.

Zipangizo zina, monga mathirakitala aang'ono olimira mpunga ndi injini za maboti, zili ndi giyabokosi yotsekeka yokhala ndi kabowo kothirira. Zimenezi ndiye zimafuna oyilo wa magiya. Pabotolo werengani zinthu ziwiri. Choyamba ndi nambala monga SAE 90 kapena 80W-90, imene imanena za kulemera kwa oyiloyo. Musaiyerekeze ndi manambala a oyilo wa injini popeza muyeso wake ndi wosiyana: oyilo wa magiya wa 90 amalemera mofanana ndi wa injini wa 40 kapena 50, koma mankhwala a m'kati mwake ndi ena. Chachiwiri ndi GL-4 kapena GL-5. Wa GL-5 ali ndi mankhwala ambiri a salufa, ndipo wina akatentha amadya zitsulo za mkuwa. Choncho mukaona giya yachikasu m'chipangizo chanu, musathamangire GL-5 poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino. Onani zimene kabuku ka chipangizocho kakunena.

Kwa inu abale athu asodzi a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, giyabokosi ya injini yanu imakhala m'madzi tsiku lonse. Gulani oyilo wopangidwira maboti, ndipo musinthe pakatha maola 100 injini ikugwira ntchito. Pothira yambirani kabowo ka m'munsi mpaka oyilo atulukire ka pamwamba, kuti mpweya usatsalire. Ngati wakale watuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti madzi akulowa. Sinthani mphira zotsekera musanapitenso pa nyanja, chifukwa magiya akafa muli pakati pa madzi, pamavuta si pa ndalama pokha komanso pa moyo.

Pomaliza, pewani oyilo wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa opanda chizindikiro. Mtengo wake umakoma, koma palibe amene angakuuzeni kuti muli chiyani. Amayi, inunso muziwafunsa abambo zimene athira m'makina, pakuti gulayinda kapena injini ikagona, ndiwo ndi fizi ya ana zimagona nayo limodzi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mnyamata wa pa Migowi uja wafunsa magiya atadyeka kale. Inu funsani botolo lisanatsegulidwe.