Mlandu wa Kachitsulo Kokhethemulira Mfuti ku Amereka

Pa 16 Meyi 2025 boma la Amereka linachita pangano ndi kampani yotchedwa Rare Breed Triggers, ndipo mkangano umene unatenga zaka pafupifupi zinayi unathera pamenepo. Koma m'panganomo munali mfundo imodzi yachilendo: kampaniyo inalonjeza kuti idzalimbana ndi aliyense wobera luso lake, pofuna kuti zipangizo zoterezi zisafalikire mwachisawawa ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Motero ntchito imene anthu amayembekeza kuti ndi ya boma inagwera m'manja mwa wamalonda.

Gwero la zonsezi ndi kachitsulo kokhethemulira mfuti kotchedwa FRT-15. Pa mfuti wamba ya mtundu wa AR-15, woombera amakoka kachitsulo ndi chala, chipolopolo chimodzi nkutuluka; kuti aombere kachiwiri ayenera kumasula chala kuti kachitsuloko kabwerere pamalo pake. Pa FRT-15 mphamvu ya mfuti yomweyo ndiyo imakankhira kachitsuloko kutsogolo pamodzi ndi chala. Munthu akangopitiriza kukanikiza, zipolopolo zimatsatana mwa liwiro lofanana ndi la mfuti yachiwaya.

Luso limeneli linalembetsedwa mu patenti nambala 10,514,223 imene inatuluka mu Disembala 2019. Patenti ndi chikalata chimene boma limapereka kwa wotulukira chinthu chatsopano. Iye amaulula poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo boma limamupatsa mphamvu yoletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa kwa zaka 20 kuyambira tsiku limene anapempha. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amasokoneza: patenti si chilolezo chogulitsira. Imangopereka mphamvu yoletsa anzako, koma ngati chinthucho nchololedwa kapena ayi, zimenezo amanena ndi malamulo ena.

Nchifukwa chake Rare Breed inapezeka ikumenya nkhondo ziwiri nthawi imodzi. Nkhondo yoyamba inali ndi amalonda anzake. M'chaka cha 2021 inasumira kampani ya Big Daddy Unlimited ya ku Florida, imene inkagulitsa kachitsulo kotchedwa Wide Open Trigger, ponena kuti kanatengera luso lake, ndipo khoti linaletsa malondawo. Nkhondo yachiwiri inali ndi boma. Mu Julayi 2021 bungwe la ATF, loyang'anira za mfuti, linalamula kampaniyo kuti ileke kugulitsa FRT-15, chifukwa kwa ilo kachitsuloko kanali kusandutsa mfuti wamba kukhala yachiwaya.

Mkanganowo unagona pa mawu owerengeka a lamulo la 1934 lotchedwa National Firearms Act. Lamuloli limati mfuti yachiwaya ndi imene imatulutsa zipolopolo zoposa chimodzi pa kugwira ntchito kumodzi kwa kachitsulo, ndipo kuyambira 1986 munthu wamba saloledwa kukhala ndi mfuti yatsopano ya mtundu umenewu. Boma linkayang'ana chala cha woombera, chimene chimakoka kamodzi kokha. Kampani inkayang'ana kachitsulo, kamene kamayenda payekhapayekha pa chipolopolo chilichonse.

Oweruza nawonso sanamvane. Mu Seputembala 2023 Nina Morrison, woweruza wa ku New York, anaimitsa malondawo, pamene zitsulo pafupifupi 100,000 zinali zitagulitsidwa kale. Koma mu Juni 2024 Khoti Lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Garland ndi Cargill, linagamula kuti chipangizo china chofulumizitsa mfuti, chotchedwa bump stock, si mfuti yachiwaya; oweruza asanu ndi mmodzi anavomereza, atatu anakana. Chipangizo chimenecho ndicho chinagwiritsidwa ntchito pa chiwembu cha ku Las Vegas pa 1 Okutobala 2017, chimene chinapha anthu oposa 50. Patangopita mwezi umodzi, Reed O'Connor, woweruza wa ku Texas, anatsata njira yomweyo nagamula mokomera FRT-15. Boma litasintha mu 2025, olamula atsopano anasankha pangano m'malo mopitiriza mlandu. Rare Breed inavomera kuti sidzapanga zitsulo zotere za mfuti zazing'ono zapamanja, ndipo boma linavomera kubweza zimene linalanda. Mwezi wotsatira akuluakulu a zamalamulo 16 a m'zigawo za dzikolo anasumira boma potsutsa kubwezako.

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi patenti ingathe kukhala mpanda wotchinjiriza anthu? Mbiri ya dziko lomwelo ili ndi phunziro. Mu 1855 Rollin White, yemwe kale ankagwira ntchito kwa Samuel Colt, analandira patenti ya njira yolowetsera zipolopolo chakumbuyo mu mfuti yapamanja. Chaka chotsatira anapangana ndi Smith ndi Wesson kuti azimupatsa masenti 25 pa mfuti iliyonse, koma ntchito yosumira obera luso inali yake, ndi ndalama zake. Milandu inamudyera chuma chochuluka. Pamene anapempha kuti nthawi ya patenti ionjezedwe anamukanira, ndipo mu Januwale 1870 Pulezidenti Ulysses Grant anakana kusaina lamulo limene aphungu anakonza lomuthandiza. Patenti itatha, makampani ambiri anayamba kupanga mfuti zoterezo poyera. Mpandawo unagwa pa tsiku lake, monga imachitira patenti iliyonse.

Kupatula kutha kwa nthawi, pali zofooka zina zitatu. Choyamba, patenti sichepetsa chiwerengero cha zitsulo zimene mwini wake angagulitse. Imangosankha amene alandire ndalama. Chachiwiri, imateteza njira yokhayo imene inalembedwa m'chikalata, kotero mmisiri wina akapeza njira yosiyana yochitira chinthu chomwecho, mwini patenti ayenera kukatsimikiza kukhoti kuti njira ziwirizo nzofanana, ndipo akhoza kugonja. Chachitatu, kusuma kumadalira thumba ndi mtima wa kampani. Kusumira fakitale yodziwika nkwapafupi, koma kutsata anthu ambirimbiri amene amagawana zojambula pa intaneti ndi kupangira zinthu m'nyumba zawo ndi ntchito imene palibe kampani ingaimalize.

Nkoyenera kuvomereza kuti panganolo lili ndi ubwino wake. Wogulitsa mmodzi wodziwika, amene anamangidwa ndi lonjezo lolembedwa, ndi wosavuta kumuyang'anira kuposa ogulitsa zana osadziwika. Ndiponso wotulukira luso ali ndi ufulu wodyerera thukuta lake, pakuti lamulo lalikulu la Amereka linapatsa aphungu mphamvu yoteteza otulukira zinthu kuti luso lipite patsogolo.

Komabe mlandu wa patenti umayankha funso limodzi lokha: luso ili ndi la yani? Suyankha ngati nkoyenera kuti munthu wamba akhale ndi mfuti yoombera mwa liwiro lotere. Yankho la funso limenelo lili ndi aphungu a ku Washington, amene angathe kukonza mawu a lamulo la 1934 kuti agwirizane ndi zipangizo zimene olemba ake sanazione. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chitetezo chimene chabwerekedwa kwa wamalonda chidzakhalapo pokhapokha iye akupindula nacho, ndipo tsiku limene patenti idzathe nachonso chidzatha.