Phokoso Si Nyimbo Ayi

Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma zikuoneka kuti mwambiwu sunafike m'makutu mwa madalaivala ambiri a mumsewu wa M5, kuchokera ku Salima kudzera pa Nkhotakota mpaka ku Dwangwa. Ine amene ntchito ya boma imandikweza maminibasi ndi ma Sienta sabata ndi sabata, ndatopa nazo nyimbo zomveka ngati usipa ukukazingidwa m'chiwaya. Ukadandaula amati masipika ndi akale. Ndikukana. Vuto lagona pa kusadziwa ndi kusalabadira.

Magalimoto athu ambiri ndi kaunjika wochokera ku Japan, ndipo mawailesi ake ambiri amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene nyumba zathu zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Pofuna kuthana ndi chete, dalaivala amagula kachipangizo kotchedwa modulator, n'kukabaya poyatsira fodya. Kameneka ndi kanyumba kakang'ono koulutsira mawu: kamatenga nyimbo za mufulashi kapena mufoni n'kuziponyera wailesi ya m'galimoto. Tsono malo amene kachipangizoka ndi wailesi ya ku Japan zingakumane ndi ochepetsetsa, kuyambira pa 87.5 mpaka 90 basi. Dalaivala akangotchera pamene pali kale wailesi ina, mawu awiri amalimbana ngati atambala m'khola limodzi. Mmalo mosuntha nambala, iye amakweza voliyumu. Kodi ndiwo zikapserera, mankhwala ake n'kuthira mchere wambiri?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimitsani kachipangizoko, funani nambala imene wailesi ikungoti waaa popanda liwu la munthu, kenako tcherani zonse ziwiri pamenepo. Dziwaninso kuti nambala imene ili yopanda kanthu ku Benga ikhoza kukhala ndi mwini wake mukamafika ku Dwangwa. Ngati wailesi ili ndi pobaya waya wa AUX kapena fulashi, iwalani za modulator, pakuti mawu oyenda m'waya salimbana ndi wina aliyense. Voliyumu ya foni isafike kumapeto, ndipo besi ikhale yapakatikati. Kaphokoso kamene kamakwera mukaponda mafuta kamachokera ku magetsi a injini, choncho yesani kuzula tchaja ya foni. Nyimbo zimene anazipanikiza kwambiri kuti zikwane zambiri pakhadi imodzi sizingakome ngakhale m'galimoto ya nduna. MP3 isatsike pa 128 kbps.

Wina anena kuti izi n'zazing'ono poyerekeza ndi maenje a mumsewu ndi kukwera mtengo kwa mafuta. Zoona, koma khutu lilibe sipeya. Akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo woyamba kugontha ndi dalaivala mwini wake ndi kondakitala wake. Nanga mwana amene ali kumbuyo kwa mayi wokhala pafupi ndi sipika analakwanji?

Taganiziraninso oimba athu. Allan Namoko, Evison Matafale ndi Lucius Banda anatisiyira mawu oti timve, tilingalire. Kuwasandutsa chiphokoso n'kuwachita chipongwe ali m'manda.

Apaulendo anzanga, tinalipira ulendo, sitinalipire ugonthi. Tiyeni tizilankhula mwaulemu koma mosaopa: “Adalaiva, tatsitsani pang'ono kuti timve zimene akuimba.”