KODI MUDZACOKA LITI PA SETS?

Acinyamata anzanga a Giledi 12, lero ndabwera kudzakangana nanu, ndipo sindidzakunyengererani ai.

Tsiku lina titatsiriza msonkhano wathu wa acinyamata, ndinapempha ena mwa inu kuti andionetse makope amene akubwerezeramo masamu. Anandipatsa makope asanu ndi awiri. Onse anayambira pa Sets. Zozungulira za Venn diagram zinajambulidwa bwino zedi, mitu yace yolembedwa mzere kunsi ndi bolopeni yofiira. Nditatsegula patsogolo ndinapeza Indices pang'ono, kenaka masamba oyera mpaka kumapeto. Mnyamata wina anandiuza monyadira kuti caka cino wabwereza Sets katatu. Ndinamfunsa za Linear Programming. Anayang'ana kudenga.

Matendawa ndiwadziwa cifukwa ndinadwala ine ndemwe. Munthu akaganiza zoyamba kuwerenga mwamphamvu, atsegula buku pa tsamba loyamba. Awerenga masiku atatu, atopa, aleka. Pakapita mwezi mantha amgwiranso, ndipo ati, "Tsopano ndiyambe bwinobwino." Abwerera pa tsamba loyamba lomwe lija. Ali ngati mlimi amene m'mawa uli wonse apalira mizere itatu ya kufupi ndi njira, kumene anthu opita aona, pamene kumunsi kwa munda cimanga cafiira ndi udzu. Mtima wace uli m'malo, pakuti khasu aligwira tsiku ndi tsiku. Koma nkhokwe idzamtsutsa.

Ndidziwa cimene ena a inu mudzandiyankha. Mudzati, "Aphunzitsi anatiuza kuti tiwerenge zonse, cifukwa mayeso acokera pali ponse." Aphunzitsi anu sananame. Koma mau amenewo anawanena muli mu Giledi 10, muli ndi zaka zitatu patsogolo panu. Amene watsala ndi milungu khumi sangayende monga amene watsala ndi zaka zitatu. Kuwerenga zonse mofanana pa nthawi yotere ndiko kusankha ndithu, kungoti mwalola wosindikiza buku kukusankhirani: cimene anaika kutsogolo mudzacidziwa, cimene anaika kumbuyo mudzakumana naco koyamba m'cipinda ca mayeso.

Kodi munayamba mwakhala pansi ndi kuyang'ana m'mene pepala lenilenilo analimangira? Ambiri mudziwa maina a osewera mpira a Chipolopolo ndi manambala a malaya ao, koma simudziwa mamakisi a pepala limene lidzatsegula kapena kutseka citseko ca koleji. Imvani tsono. Masamu a Giledi 12 a bungwe la Examinations Council of Zambia, a nambala 4024, ali ndi mapepala awiri. Pepa 1 ndi ya maola awiri, mamakisi 80, mafunso afupiafupi, ndipo kakyuleta saloledwa. Pepa 2 ndi ya maola awiri ndi theka, mamakisi 100, ndipo ili ndi zigawo ziwiri. Gawo A lili ndi mamakisi 52, muyenera kuyankha mafunso onse. Gawo B lili ndi mafunso asanu ndi limodzi, musankhapo anai, liri lonse la mamakisi 12.

Taonani bwino pamenepa. Eni ace a mayeso akulolani kusiya mafunso awiri athunthu m'Gawo B popanda kutaya kanthu. Iwo okha akuti sankhani. Inu ndinu amene mukana, ndi kumwaza nthawi yanu pali ponse ngati mapira. Ndipo Gawo A, limene simungalithawe, ndilo lalikulu. Ukatenga mapepala a zaka zapita ndi kuwaika pamodzi, uona mitu yomweyomweyo ikubwera kawirikawiri m'gawo limeneli: Matrices, Quadratic Equations, Probability, Vectors, Geometric Progression, Construction ndi Loci, flow chart kapena pseudocode, ndi Sets yanu yokondedwa ija. Inde Sets ilimo. Koma ndi kagawo ka funso limodzi cabe, ka mamakisi ocepa, ndipo inu mwakapatsa miyezi itatu.

Tsono muyambire pati? Ine nditi pa Algebra, ndipo pa ici sindisuntha. Algebra siri mutu umodzi pakati pa mitu inzace. Ndiyo mtanda umene denga lonse latsamirapo. Ndikupatseni citsanzo. Funso la Matrices lipereka manambala 4 ndi -2 pa mzere wa pamwamba, 3 ndi x pa mzere wa pansi, ndipo liti determinant ndi 14, pezani x. Pafupifupi ali yense adziwa kuti aculukitse mopingasa ndi kucotsa. Zimenezo aziphunzira m'mphindi zisanu. Pogwa ndi apa: 4x kucotsapo -6 ndi 4x + 6, cotero x ndi 2. Koma wosakhazikika pa mainasi alemba 4x - 6, napeza 5. Kenaka atenga 5 uja napita naye ku inverse, nalakwanso. Akatuluka ati, "Matrices ndi yobvuta." Matrices sinamlakwire. Camgwetsa ndi kamzere kakang'ono kamene anakapeputsa ali mu Giledi 8.

Cimodzimodzi Calculus, imene dzina lace lokha lithawitsa anthu. Akakupatsani y = x² - 4x + 1 ndi kufunsa pamene mzere ukhotera, lamulo la Calculus litha pa mzere umodzi: 2x - 4. Zotsala zonse, kuika 2x - 4 = 0, kupeza x = 2, kubweza 2 uja kuti mupeze y = -3, ndi Algebra yokhayokha. Linear Programming ndi ma inequality. Vectors ndi kusonkhanitsa zilembo zofanana ndi mafulakishoni. Munthu amene manja ace azolowera kucotsa mabulaketi, kufakitoraiza, kusamutsa cilembo mu fomyula ndi kuonkhetsa mafulakishoni popanda kakyuleta, wakonzekera theka la mitu inayo asanaitsegule. Cifukwa cace milungu iwiri yoyamba ipatseni Algebra, tsiku liri lonse, ngakhale ikunyansani. Palibe cokongola cojambula m'menemo, ndidziwa, ndipo mwina ndico cifukwa cace muithawa.

Mukacoka apo lowani m'mitu ya Gawo A, umodzi umodzi, pogwiritsa nchito mafunso enieni a zaka zapita. Pambuyo pace sankhani za Gawo B. Kumeneko kawirikawiri mupeza Statistics, Trigonometry, Linear Programming, Earth Geometry pamodzi ndi Mensuration, Transformations, ndi ma graph. Langizo langa ndi lakuti mukonzekere mitu isanu mozama, osati inai cabe, kuti funso limodzi likabwera moipa mukhale ndi pothawira. Wacisanu ndi cimodzi, umene ukuzunguzani mutu koposa, muuphunzire zoyambirira zace zokha, pakuti Pepa 1 imatola pang'ono pang'ono kucokera ku mitu yambiri. Kwa ine mutu umenewo unali Transformations. Shear ndi stretch sindinagwirizane nazo mpaka lero. Wina adzasiya Trigonometry. Zimenezo ndi za inu ndi kope lanu.

Koma Earth Geometry musaisiye cifukwa ca mantha cabe. Anthu aiopa cifukwa ca cithunzi ca dziko cokhala ndi mizere yambiri, pamene malamulo ace ndi owerengeka. Madigiri 15 a longitude ndi ola limodzi. Digiri imodzi pa mzere wocokera kumpoto kupita kumwera ndi ma nautical mile 60. Lusaka ali pafupi ndi 15°S. Mukakwera mzere womwewo mpaka 15°N mwayenda madigiri 30, ndiwo ma nautical mile 1800. Kodi pamenepa pali ufiti? Madzulo atatu a khama akhoza kukupatsani mamakisi amene Sets singakupatseni ngakhale mutaibwereza kakhumi.

Tsopano nditembenukire kwa inu a mbali inayo, amene mwakhala mukugwedeza mitu mokondwa poganiza kuti ndili kumbali yanu. Inu a "zobwera". Inu amene mumvera mnzanu amene msuweni wace adziwana ndi munthu wina wa ku Lusaka, ndipo wanena kuti caka cino Probability kulibe. Inu amene musonkha ndalama za likeji pa WhatsApp. Musandiyese mnzanu. Kusankha kumene ndinena ine kucokera pa kuwerenga mamakisi ndi kudziyesa wekha. Kwanu kucokera pa mphekesera ndi ulesi. Mu 2018 Boma linaimitsa mayeso a Giledi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse pepala la masamu la Giledi 9 litatuluka pa intaneti nthawi yace isanakwane. Ana osalakwa, amene anawerenga ndi nyali ya koloboyi, anabwezedwa kunyumba kukadikira cifukwa ca umbava wa anthu ocepa. Ndipo wogwidwa ndi likeji zotsatira zace zifafanizidwa. Nanga amene agulitsa "pepala" labodza, inu nkuloweza mayankho usiku wonse, m'mawa nkupeza mafunso ena, mudzakamsuma kwa yani? Ndalama ya mai anu ya tomato yapita, ndipo simungauze munthu.

Pali cinanso cimene cindipweteka. Ena mwa inu, makamaka alongo anga, mwagamula kale kuti masamu si anu, ndipo mwaika mtima wonse pa maphunziro ena kuti masamu "angodutsa". Funsani amene anatsiriza zaka zapita. Makoleji a unamwino ndi a uphunzitsi afuna makirediti asanu, ndipo masamu ndi Cingerezi zikhala pakati pa zofunikazo. Kirediti ithera pa 6. Ukapeza 7, cikalata ciri m'manja koma citseko cotseka. Kusiyana kwa 7 ndi 6 nthawi zina ndi funso limodzi la Gawo B limene munalidumpha cifukwa simunafike pa tsamba lace.

Ine ndinapeza 7. Sindicita manyazi kunena. Ndinali katswiri wa Sets ndi Indices, ndinkaika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti ndisagone, ndipo ndinkawerenga masamu ngati nthano, kuyang'ana zitsanzo za m'buku ndi kubvomereza ndi mutu, osagwira pensulo. Pa Pepa 2 ndinayankha mafunso awiri okha m'Gawo B. Ndinakhala caka cathunthu ndikugulitsa m'kantemba ka amalume, anzanga ali ku koleji, kufikira nditalembanso pa GCE. Ulendo waciwiriwo mphunzitsi wina wopuma nchito anandikhazika pansi, nandipatsa pepala la caka capita, naika wochi pa tebulo. Nditatsiriza anaconga, nalemba mitu yonse pa pepala m'magulu atatu: imene ndikhoza, imene ndikhoza mwatheka, ndi imene sindidziwa konse. Anandiletsa kukhudza gulu loyamba kupatula Loweruka. Anati ndiyambe ndi gulu lapakati, pakuti pamenepo mamakisi ali pafupi, afuna kungowatola. Anandiphunzitsanso kuti makisi ali yense ali ndi mphindi imodzi ndi theka, cotero funso la mamakisi 12 lisadye mphindi zoposa 18, ndiponso kuti ndilembe njira yonse, cifukwa oconga apereka mamakisi a njira ngakhale yankho lomariza litaphonya. Ndinapeza 4.

Cotero Loweruka likudzali musatsegule buku pa tsamba loyamba. Pezani Pepa 2 ya caka capita, kwa aphunzitsi kapena kwa mnzanu wa pamfuleti. Khalani pansi maola awiri ndi theka, foni ili kutali, buku lotseka. Mupatse mnzanu aconge mosakukomerani mtima, ndipo mulembe magulu anu atatu. Inu atsogoleri anzanga a magulu a acinyamata, pemphani akulu a mpingo akutsegulireni holo masana amenewo. Mabenchi alipo, ndipo pa mpingo uli wonse sipalephera kupezeka mphunzitsi kapena wa ku koleji mmodzi amene angathandize kuconga. Kwathu tidzayamba 14 koloko, ndipo mnyamata wa Sets katatu uja ndamuuza kale kuti abwere ndi graph paper ndi rula.