Nkhondo ya pa thebulo: nanga nsima muzadyela pati?

Imwe akatswili a drafti amene mumankhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa, kudya zotsekela mabotolo za anzanu na kudzimenya pa chifuwa, sendelani kuno nikuuzeni. Kuli gemu imene bolodi yake siingakwane pa benchi yanu, olo pa thebulo ya ku sitting room kwa alandilodi.

Dzina lake ni The Campaign for North Africa. Inatuluka ku America kumapeto kwa ma 1970, ku kampani ya SPI ya ku New York, ndipo anaipanga ni Richard Berg. Ni gemu ya nkhondo yachiwili ya dziko lonse, pamene ma British anali kumenyana na ma Italian na ma German mu chipululu cha Libya na Egypt kuyambila mu 1940. Mapu yake ni mapepala 5 olumikiza, kutalika pafupifupi mamita 3. Asilikali, ndeke na magalimoto ni tumakatoni tung'ono-tung'ono topitilila 1,500. Ifuna anthu 10, asanu mbali iyi, asanu mbali ina, ndipo kuti muitsilize mufunika maola opitilila 1,000. Welengani mweka: mukamakumana pa Chiwelu chilichonse maola 5, ni zaka pafupifupi 4. Mwana wobadwa tsiku loyamba azayamba kupita ku nasale imwe mukali mu chipululu.

Mu gemu iyi mumawelenga zonse, mafuta, zipolopolo, madzi. Kuli na lamulo lakuti asilikali a ku Italy afunika madzi oonjezela ophikila pasta. Berg anavomela pambuyo pake kuti lamulo ili linali chabe nthabwala, koma lilimo mu buku.

Musaganize kuti ni misala ya manje-manje. Mu 1812 ku Prussia, kumene lelo ni Germany, mkulu wina dzina lake Reisswitz anapatsa mfumu thebulo yapadela yosewelelapo nkhondo. Mu 1824 mwana wake anasamutsila gemu iyi pa mamapu eni-eni, ndipo asilikali anayamba kuphunzililapo. Ku England, wolemba mabuku H. G. Wells anatulutsa malamulo ake mu 1913, osewela na tuzidole twa asilikali pansi pa nyumba, azibambo a ndevu kugwada monga ana. Mu 1961 kampani ya Avalon Hill inayamba kugawa mamapu ake mu tumabokosi twa makona 6, monga chisa cha njuchi. Kabokosi kalikonse kaimilila mtunda wakuti-wakuti, ndiye ngati nkhondo inali pa malo aakulu ndipo mufuna kuona msewu uliwonse, mapu imakula mpaka kudya chipinda chonse.

Apa ndiye pali nkhani. Drafti mumatsiliza, mwafaka zotsekela mu thumba, mwapita. Gemu ya mapu yaikulu siipakiwa. Kakatoni kalikonse kafunika kukhala pamene munakasiya mpaka sabata ya mawa, mwina mpaka mwezi wa mawa. Ndiye mtengo wake weni-weni ni malo, na mtima wa anthu amene mukhala nao.

Ine ninaphunzila movutika. Ine na mnzanga tinapeza gemu yaing'ono yaulele pa intaneti, tinapulinta mapu pa mapepala 4 a A3, tinamata na selotepu, tinadula tumakatoni usiku wonse. Tinaiyala pa thebulo imodzi yokha imene tili nayo mu nyumba ya zipinda ziwili. Sabata yoyamba, amai a kunyumba anali kuseka chabe. Sabata yachitatu anati, "Atate ake Junior, nkhondo yanu izasila liti? Bana badyela pansi monga tili pa malilo." Ine ati, manje-manje, tatsala pang'ono kuwina. Pa Mande pobwela ku nchito ninapeza thebulo yopukuta bwino, nsima ili pakati, ma tanki anga onse ali mu chitini cha majalini. "Nakusungilani bwino," anatelo, "palibe kanataika." Zoona, palibe kanataika, kupatulako masabata atatu. Ninafuna kukalipa, koma ninakumbuka kuti sininapemphe kwa aliyense. Ninangolanda thebulo monga msilikali.

Ndiye ngati mtima wanu wakopeka, tengani nzelu kwa amene akhala mu masewela aya zaka zambili.

Choyamba, pimani. Osati mapu yokha, koma na dzanja lanu. Ngati simungafike pakati popanda kugonela pa bolodi, mimba yanu izagwetsa gulu lonse la asilikali. Pafunika njila yozungulila mbali zonse, na malo ena pambali ofakapo buku ya malamulo na madayisi.

Chachiwili, musasewenzetse thebulo yodyela. Chitseko chakale pa makileti awili chimagwila nchito. Plywood yathunthu imakhala mamita 2.4 kutalika na 1.2 m'lifupi, ndipo mukaidula bwino na kuikhomela tumapulanga m'mbali, imalowa pansi pa bedi na asilikali ali m'malo mwao. Ingokokani pang'ono-pang'ono.

Chachitatu, mapu ya pepala imakhala na mizele yopindila, ndipo tumakatoni tumatelela pamenepo. Anzathu amaika perspex pamwamba, ija pulasitiki yolimba yooneka monga galasi. Mapu imagona fulati, ndipo tiyi ikatayika simulila. Ponyamula tumakatoni tosanjikana amasewenzetsa ka twiza. Gulani kanu, musatenge ka alongo anu kozulila nsidze.

Chachinayi, ndipo iyi ndiye nzelu ya ife a mu komboni: pansi mulibe malo, koma chipupa chili chabe. Khomani lata yosalala ya chitsulo, osati ya aluminiyamu chifukwa maginito siigwila, yalani mapu pamwamba, ndipo kakatoni kalikonse mukamate ka maginito kumbuyo. Nkhondo imaimilila monga kalenda. Pusi sangakwelepo, mwana wokwawa sangafikepo, mphepo ya mu August siingaulutse chilichonse, ndipo alendo amakhala na choyang'ana. Chenjelani chabe na chipupa chimene chimanyowa nthawi ya mvula, na windo imene imalowetsa dzuwa, kaili dzuwa limasukulutsa inki.

Chachisanu, mukatsiliza kusewela, kopani mapu yonse na foni, chigawo na chigawo. Tsiku la tsoka likafika muzabwezela zonse m'malo mwake, ndipo mnzanu sazakunamizani kuti ma tanki ake anali kale pa mlatho.

Kuli na pulogilamu yaulele ya pa kompyuta, VASSAL, imene imasunga mapu na tumakatoni tonse popanda thebulo. Ni yabwino, koma malaiti akapita nkhondo yaima. Pepala na kandulo sizifuna mabando.

Futi simufunika kuitanitsa gemu yodula kuchokela kunja kuti muyambe. Nkhani ya kujambula tili nayo konkuno. Mu November 1918, mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, analowa mu dziko lino, anafika ku Kasama, ndipo anali pa mtsinje wa Chambeshi pamene anamva kuti nkhondo ku Europe yatha. Anakatula zida ku Abercorn, imene lelo ni Mbala, pa 25 November. Jambulani mapu ya kumpoto pa makatoni a ku shopu, ikanipo mitsinje na njila, ndipo musaiwale amtenga-tenga, makolo athu amene ananyamula katundu wa nkhondo iyo pamutu, ambili osabwelelanso kwao. Mukayamba kuwelenga chakudya chao tsiku na tsiku pa mapu yanu, muzamvetsa chifukwa chake anthu amasewela magemu aya mwakachetechete.

Koma musanagule olo selotepu, khalani pansi na a kunyumba. Auzeni malo amene mufuna, na tsiku limene muzachotsa, ndipo tsiku ilo likafika chotsani, olo mutatsala pang'ono kuwina. Pezaninso mnzanu amene sazathawa pa sabata yachiwili akaona kuti aluza. Yathu manje ili pa chipupa, pamwamba pa sofa, ndipo Junior ndiye amaponya madayisi. Amai ake amangoyang'ana popita ku khichini na kufunsa kuti awina ndani. Nikaauza kuti tikali pakati, amati, "Malinga thebulo ni yanga."