Yambani mabuleki, mota pambuyo

Abale anga a njinga zamagiya, tiuzane zoona. Mwayamba fashoni yomangirira mota ndi batire pa mountain bike, eti muzikwera chitunda osatuluka thukuta. Chabwino. Koma mabuleki munawayang'ana liti? Timphira tinatha kalekale, waya wachita dzimbiri, inu kalikiliki kujambulitsa za pa Facebook.

Mota ndi batire zimawonjezera liwiro ndi kulemera, ndipo katundu yenseyo amagwera mabuleki omwewo. Pokwera ku Chawe mota ikuthandizani, inde. Nanga potsika phiri la Zomba, m'makona muja, mudzaima ndi patapata?

Musanagule batire, pitani kaye kwa wokonza njinga asinthe timphira ndi waya. Mtengo wake sungafike wa bokosi la maliro.