Mvuu za m'Luangwa ndi tizilombo taminga ta m'nyanja

M'chilengedwe muli zamoyo zina zomwe zikachoka pamalo, zinzake zambirimbiri zimasokonekera, ngakhale kuti izozo sizichuluka kwenikweni. Zili ngati mzati wa nyumba. Ganizoli analitchukitsa mu 1969 ndi Robert Paine, wasayansi wa ku America yemwe ankafufuza zamoyo za m'mphepete mwa nyanja ya mchere.

Umboni wina womveka bwino wa ganizoli unachokera kwa sea urchin, kachilombo kozungulira, kaminga thupi lonse, komwe kamadya zomera za pansi pa nyanja. Kuzilumba za Aleutian ku Alaska, akatumbu a m'nyanja ndiwo amadya tizilomboti. Alenje ofuna zikopa atapulula akatumbuwo m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, tizilomboto tinaswana n'kuseseratu nkhalango za zomera za m'nyanja zotchedwa kelp momwe nsomba zimabisala. James Estes ndi John Palmisano anaonetsa izi mu 1974 poyerekeza zilumba zokhala ndi akatumbu ndi zopanda. Ku Caribbean zinatembenuka: mliri wa 1983 ndi 1984 utapha tizilombo ta mtunduwu toposa 90 pa 100 tilitonse, ndere zinakuta miyala ya korali ku Jamaica chifukwa wozidya panalibenso. Kachilombo kowononga kwina kanali mlonda kwina.

Ganizoli limakhudzanso mvuu. Lundazi, ku Zambia, ali kutali ndi nyanja ya mchere, koma mtsinje wa Lundazi umathira m'Luangwa, momwe muli mvuu zochuluka zedi, kuphatikizapo za m'nkhalango yotetezedwa ya Luambe. Mvuu imatuluka usiku kukadya udzu kumtunda, makilogalamu pafupifupi 40, ndipo masana imabwerera m'madzi n'kuchitiramo ndowe. Mwa njirayi chonde cha kumtunda chimalowa mumtsinje. Ndowezo zimadyetsa tizilombo ta m'madzi, tizilomboto n'kudyetsa milamba ndi nsomba zina zomwe msodzi amavuula. Makwalala a mvuu nawo amasanduka ngalande zolumikiza mtsinje ndi madambo m'nyengo ya dzinja. Komabe ubwinowu uli ndi malire: m'maiwe osayenda madzi ndowe zikachulukitsa zimamaliza mpweya, nsomba n'kufa, monga zaonekera mumtsinje wa Mara ku Kenya.

Mlimi wa kuchigwa cha Luangwa ali ndi chifukwa chodandaulira, poti mvuu imamaliza munda usiku umodzi, imagubuduzanso bwato. Mu 2011 anthu mazanamazana a ku Chama, m'chigwa chomwechi, anadwala matenda a anthrax atadya nyama ya mvuu zodzifera. Mu 2016 boma la Zambia linaloleza kupha mvuu 2,000 za m'Luangwa m'zaka zisanu. Ntchitoyo inaimitsidwa, inadzutsidwanso mu 2018, kenako inasiyidwa mu 2019. Mkanganowo unazungulira pa chiwerengero cha mvuu, matenda ndi ndalama za alenje akunja. Za nsomba zomwe mabanja a m'mbali mwa mtsinjewo amadalira pa ndiwo sizinamveke kwenikweni, chikhalirecho nazonso zikanatha kukhudzidwa mvuuzo zikanachepa.