Nambala ya pa Bilu Izinena Zoona

Wophunzira ntchito yosamalira mano amatha zaka akuzolowera kugwira zida, kupala zokakamira m'mano ndi kuzindikira matenda a nkhama. Koma pali phunziro lina limene ambiri amaliyesa la kalaliki, lomwe ndi kusankha nambala yoimira ntchito imene wagwira kuti a inshuwalansi alipire.

Ku America nambalazi zimayang'aniridwa ndi bungwe la American Dental Association. Mndandanda wake unatuluka koyamba mu 1969 ndipo masiku ano umakonzedwanso chaka ndi chaka. D1110 ndi kutsuka mano a munthu wamkulu pofuna kupewa matenda. D4341 ndi kupala mpaka kumizu, pamene matenda ayamba kudya fupa logwira mano. Kwa nthawi yaitali panalibe nambala ya wodwala amene nkhama zake zatupa kwambiri koma fupa lili bwino, mpaka mu 2017 pamene anaonjezera D4346. Kuno kum'mwera kwa Africa nkhaniyi si yachilendo. Ku South Africa, kuyambira mu 2005, bilu yopita ku inshuwalansi ya zaumoyo imayenera kukhalanso ndi nambala ya matenda ya ICD-10, monga K02 ya mano obowoka kapena K05 ya matenda a nkhama.

Nambala ikachepa, chipatala chimagwira ntchito yosalipidwa ndipo matenda enieni amabisika m'mafayilo. Ikakwezedwa mwadala, kumeneko n'kuba. Wodwala amalembedwa matenda amene alibe, ndipo ndalama zimene inshuwalansi yake imamulola pachaka zimatha asanadwale.

N'chifukwa chake phunziroli lisamadikire sabata yomaliza ya maphunziro. Malo ake ndi pampando pomwe pakhala wodwala. Wophunzira akamaliza ntchito, ayambe walemba zimene wapeza: kuya kwa mpata pakati pa dzino ndi nkhama m'mamilimita, pamene patuluka magazi, ndi zimene X-ray yaonetsa. Kenako asankhe nambala ndi kuiteteza pamaso pa mphunzitsi, monga amachitira ndi ntchito ya manja ake.

Aphunzitsi, musaiwalenso phunziro lovuta kwambiri. Tsiku lina wachinyamatayu adzauzidwa ndi womulemba ntchito kuti alembe nambala yolipira bwino. Ngati sanaphunzire ali kusukulu kuyankha mwaulemu kuti "ndalemba zimene ndachita", sadzaphunzira malipiro ake ali pachiswe. M'mera mpoyamba.